Alangizi a Zadzulo

M'dziko la Zilibwino, limene malire ake amayambira pamene munthu wasiyira kudandaula, munali lamulo lina lotchuka kuposa malamulo onse. Ankalitcha Lamulo la Pakamwa Pabwino, ndipo chiyambi chake chinali chotere. M'masiku a Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, nduna yoona za misewu inaimirira m'bwalo n'kunena kuti mlatho wa pamtsinje wa Khalanichete wawola, ndipo ugwa chaka chisanathe. Patangopita miyezi iwiri mlathowo unagwadi, pamodzi ndi ngolo zitatu za chimanga. Mfumu inaitanitsa nduna ija n'kuifunsa funso limodzi lokha: "Unadziwa bwanji?" Nduna inayamba kufotokoza za dzimbiri ndi misomali, koma bwalo lonse linali litaona kale kuti munthu sangadziwe tsoka lisanafike pokhapokha ngati analiitana yekha. Anaipitikitsira ku Matope, chigwa cha udzudzu kumene anthu amapita koma makalata awo sabwera.

Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wotchula tsoka lisanachitike ankayesedwa mwini wake wa tsokalo. Anthu anazolowera monga mmene phazi limazolowerera nsapato yothina. Wailesi ya mfumu inkalengeza za nyengo ya dzulo, ndipo siinalakwitsepo. Madokotala ankatchula dzina la matenda pamaliro. Mayi akaona mwana akuseweretsa mpeni ankangoti, "Mpeni wokongola, eti?" uku akumuyandikira monyang'ama. Ndipo popeza womva mawu oipa osakawanena kwa asilikali nayenso ankapalamula, anthu anaphunzira kutsokomola. Mnzako akayamba kulankhula za mawa mosasamala, iwe unkatsokomola mwamphamvu kuti usamve. Alendo ankaganiza kuti dzikolo lili ndi chifuwa chachikulu.

Mfumu Sindilakwa Wachitatu italowa ufumu, abwenzi akunja amene anathandiza kumanga Koleji ya Tsogolo Lowala anaumirira kuti sukulu iliyonse yaukachenjede ya boma ikhale ndi Bungwe la Alangizi. Nduna zinasowa tulo ndi nkhaniyi, pakuti mlangizi weniweni ndi munthu wochenjeza, ndipo wochenjeza kwawo kunali ku Matope. Koma dziko la Zilibwino silinasowepo anthu anzeru. Anagwirizana kuti bungwelo likhalepo ndithu, koma lizilangiza pa zinthu zimene zachitika kale.

Mipando inali khumi ndi iwiri. Wapampando anali Nduna Chimphonda, amene anapuma pantchito yoyang'anira ng'ombe za mfumu ng'ombezo zitatha. Mwa ena panali m'busa wa kunyumba yachifumu, asuweni a mfumu atatu, ndi mkulu wa asilikali wopuma amene makutu ake anatsekeka ndi mizinga. Woimira amayi anali bambo, chifukwa mayi amene anasankhidwa anali mkazi wake, ndipo iye sankalola kuti mkaziyo azikhala pakati pa amuna tsiku lonse. Woimira ophunzira anali ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Anamusankha ali m'chaka choyamba ndipo palibe amene anakumbukira kumuchotsa. Mpando wina unali wa malemu Kachiwaya, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo. Popeza kalata yowamasula inali isanatuluke kunyumba yachifumu, mkanjo wawo ankauyala pampandopo, ndipo mlembi ankalemba kuti avomereza. Pa alangizi onse, ndi okhawo amene sanachedwepo kumsonkhano.

Mpando wotsiriza, malinga ndi pepala la abwenzi akunja lija, unali wa munthu wogwira ntchito ndi manja. Unakhala wopanda munthu zaka zambiri, kufikira tsiku lina kalipentala wina, bambo Yotamu Kansengwa, ataitanidwa kudzakonza mwendo wa mpando wa Nduna Chimphonda. Abwenzi aja anali kubwera madzulo ake kudzawerenga mitu ya alangizi. Nduna inayang'ana bambo wogwada pansi ndi hamala yake, n'kufunsa mlembi kuti, "Awa si manja awa?" Anawaveka mkanjo utuchi udakali m'tsitsi.

Ntchito za bungwe zinalembedwa pachikwangwani pakhomo la Holo ya Alangizi: kulangiza mkulu wa koleji pa zochitika, kuthokoza mfumu chifukwa cha zochitikazo, ndi kukhala pamzere wakutsogolo pojambula zithunzi. Polankhula ankatsata ukulu, kuyambira wapampando kutsika m'munsi, ndipo belu la nkhomaliro likalira msonkhano unkathera pomwepo. Belulo silinawalolepo kupitirira mlangizi wachisanu ndi chiwiri. Komabe bungwe linali ndi mbiri yoti linganyadire. Laibulale itapsa, linakhala pansi katatu n'kulangiza kuti moto ndi mabuku zisamasungidwe m'chipinda chimodzi. Ophunzira makumi anayi atatsegula m'mimba ndi madzi a pachitsime, linalangiza kuti madzi amene anamwawo akanayamba awiritsa.

A Kansengwa sanali munthu wonyoza. Zaka zitatu anakhala pampando wotsirizawo osatsegula pakamwa, akudziuza kuti mwina anthu ophunzira amaona zina zimene kalipentala sangaone. Thabwa ankaliyang'ana mbali zonse zinayi asanalidule, ndipo anthu ankawatero chimodzimodzi.

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, mwana wawo wamkazi Esinati, amene anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a uphunzitsi pakolejipo, anabwera kunyumba ndi bulangete lake kudzachapa. Mayi ake, Nangozo, atalikutumula panja, panagwa fumbi lachikasu losalala ngati ufa wa mgaiwa wosefa. A Kansengwa anawerama, anatapa pang'ono, n'kulifikisa pakati pa zala.

"Fumbi ili lachokera kuti?"

"Limagwa kudenga, ababa. M'mawa uliwonse timadzuka nalo kumaso. Anzanga amati ndi mafuta odzola aulere ochokera kwa mfumu."

Esinati anaseka. Bambo ake sanaseke.

Lolemba anavala mkanjo wawo kuti mlonda wa pageti awachitire sailuti m'malo mowafunsa mafunso, analowa m'hositelo ya atsikana, n'kukwera kudenga kudzera pachibowo cha siling'i. Anatulutsa msomali m'thumba n'kuukanikiza pamtanda waukulu ndi chala chimodzi. Unalowa ngati m'papaya wakupsa. Anayesa wachiwiri, wachitatu, mpaka kumapeto kwa nyumba. Matabwa anali a paini wamuwisi wosathira mankhwala, ndipo chiswe chinali chitadya m'kati monse n'kusiya khungu lokha. Pamwamba pake panali matailosi a simenti, aja amamwa madzi n'kulemera kawiri mvula ikawagwera. Zonsezi zinatsamira pamzati umodzi wa bulugama umene wina anauimika pakati pa khonde la m'kati, n'kuupaka utoto wa mbendera ya dziko kuti uzioneka ngati chokongoletsa. Pansi pake pankagona ana aakazi makumi asanu ndi atatu kudza anayi.

Nyumbayo anamanga ndi a Malizani, mlamu wake wa mfumu, amene asanakwatitse mlongo wawo kunyumba yachifumu ankagulitsa zigumu padepoti.

Potuluka, a Kansengwa anayang'ana kum'mawa. Mitambo inali itayamba kuunjikana madzulo aliwonse, ndipo kutentha kwake kunali kuja kumabwera mvula yachizimalupsa ili pafupi.

"Kamutengeni mwana," anatero Nangozo atamva. "Lero lomwe. Sukulu si mpweya."

Koma Esinati, atamuitanitsa, anapukusa mutu. "Amayi, wotuluka m'hositelo popanda chifukwa amachotsedwa sukulu. Ndipo chifukwacho ndikanene kuti chiyani? Mnzathu wina anakagona kwa azakhali ake masiku awiri, anamuuza kuti akulosera tsoka ndi miyendo. Mayeso atsala milungu isanu. Zaka zinayi zonsezi zipite m'madzi? Komanso ine ndikatuluka, anzangawo mitu yawo ndi yachitsulo?"

Msonkhano wa bungwe unali Lachitatu. Nkhani yaikulu inali yakuti Lachisanu mfumu idzadutsa pamsewu wa kutsogolo kwa koleji, popita kukatsegula chitsime chimene inatsegulanso chaka chatha. Zabwino zokhazokha ngati zimenezi lamulo linkalola kuzikonzekera. Msuweni wachiwiri wa mfumu anali pakati pofotokoza kuti ophunzira akaimika mkono umodzi zimaoneka ngati akufunsa funso, choncho aimike yonse iwiri, pamene mpando wotsiriza unakwekwereza pansi. A Kansengwa anali ataimirira.

Mlembi anagwetsa cholembera. Woimira amayi anafunsa mnzake monong'ona ngati bamboyo anali atabwera kudzakonza china chake.

"Apampando, pepani ndadumpha akuluakulu. Ndinakwera kudenga la hositelo ya atsikana. Chiswe chadya mitanda yonse."

Nduna Chimphonda inatembenukira kwa mlembi. Mlembi anatsegula buku la malamulo, anayendetsa chala, n'kugwedeza mutu. Chiswe chinali chitadya kale. Nkhaniyo inali yololedwa. Alangizi anapuma mpweya wa mpumulo, ndipo anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. M'busa anadzudzula chiswe ngati chilombo chogwira ntchito mumdima. Woimira ophunzira anati m'masiku ake chiswe chinali ndi ulemu, chinkadya mipanda ya anthu wamba basi. Mkulu wa asilikali anafunsa kuti adaniwo analowera mbali iti ndipo anali angati. Pomaliza mlembi anawerenga chigamulo: Bungwe la Alangizi ladzudzula chiswe mwamphamvu, ndipo lathokoza mfumu chifukwa cha matabwa amene chiswecho chadya. Malemu Kachiwaya avomereza.

"Sindinamalize, apampando," anatero a Kansengwa. "Ana aja tiwatulutse m'nyumbamo sabata ino, chifukwa mvula yoyamba ikangogwa pamatailosi paja..."

Holo yonse inagwidwa ndi chifuwa. M'busa anatsokomola mpaka misozi. Asuweni atatu anatsokomola mogwirizana ngati kwaya. Ngakhale mkulu wa asilikali, amene sanamve kanthu, anaona anzake n'kutsokomola nawo. Nduna Chimphonda inaliza belu la nkhomaliro nthawi isanakwane, kenaka inayang'ana mmisiriyo ndi nkhope yachifundo.

"Bambo Kansengwa, palibe amene wamva chilichonse muno. Koma ndikufunseni ngati mnzanu: udzudzu mumaukonda?"

Panja, mkulu wa koleji, Pulofesa Chitsekwe, anawapeza pafupi ndi mpanda wa maluwa. Anali munthu woonda, wodziwa zinenero zinayi, ndipo m'zinenero zonsezo anali asananenepo mawu akuti ayi. Anayang'ana uku ndi uku.

"Mwana wa mlongo wanga ndinamutenga mwezi watha," ananong'ona. "Akundithandiza kusanja mabuku kunyumba. Inu mulibe timabuku toti mwana wanu akusanjireni?"

"Ndili ndi macheka atatu ndi hamala, bwana. Sizingakwanire ana makumi asanu ndi atatu."

Pulofesa anatsokomola pang'ono, mwaulemu, n'kupita kukadya.

A Kansengwa anapinda mkanjo, anauika m'thumba la zida, n'kutsetserekera kumsika wa Nong'onani kumene Nangozo ankagulitsa tomato. Woyandikana naye benchi, mayi Nasimango wogulitsa nyemba, anawaonera patali.

"Dzukani nonse, alangizi afika! Tilangizeni, achimwene: tomato amene anaola dzulo uja tikanamutani?"

"Mukanamudya dzana," anayankha wosoka nsapato wa pambali, osadzutsa mutu. "Lembani kuti malemu avomereza."

Anthu anaseka chapansipansi, monga amasekera ku Nong'onani, pakamwa potseka mapewa okha akugwedezeka. Nangozo sanaseke nawo. Anamvetsera mwamuna wake akufotokoza za chiswe chodzudzulidwa, uku akusanja tomato m'milu n'kuiphwasulanso.

"Musade nkhawa, achimwene," anatero Nasimango. "Likadzatsika dengalo adzakhala pansi masiku atatu, adzalangiza zomveka. Maliro a kukoleji amakhala ndi Chingelezi chokoma."

Mabenchi anayi oyandikana anayamba kutsokomola.

"Tsokomolani, mufe nacho chifuwacho," anatero mayiyo. "Ine ndine wa nyemba. Ku Matope nakonso amadya nyemba."

Nangozo anapukuta manja pachitenje. "Abambo a Esinati, ndifunse ngati munthu wosaphunzira. Bungwe lanulo silingathandize mwana wanga kufikira denga litakhala pansi?"

"Lamulo likutero."

"Nanga lamulolo likunena kuti pokhala pansipo mwana akhale ali m'kati?"

A Kansengwa anamuyang'ana mkazi wawo nthawi yaitali. Zaka makumi atatu anali atamanga madenga, ndipo sanagwetsepo ngakhale khola la nkhunda la munthu wina. Anaganiza za Matope, ndi za zimene zimachitikira munthu wowononga katundu wa mfumu, zimene poyerekeza nazo Matope ndi tchuthi. Anaganizanso za msomali uja ukulowa ndi chala chimodzi. Anadzuka, anapita kumabenchi a zingwe, n'kusankha chingwe chachitali cha khonje, chija amamangira ng'ombe zapangolo.

"Mwagula ng'ombe, alangizi?" anafunsa wogulitsa.

"Ayi. Ndili ndi bulugama woti ndigwetse."

Lachisanu ophunzira onse anatulutsidwa dzuwa lisanakwere. Anawaitana mayina mmodzimmodzi, n'kuwandanditsa mumsewu, mikono yonse iwiri yokonzeka. Aphunzitsi, ophika, osesa, onse anali kumeneko. Alangizi anakhala pamipando patsogolo, mkanjo wa malemu utayalidwa pamalo ake. Mpando wotsiriza unali wopanda munthu, koma panalibe amene anali ndi chizolowezi choyang'ana kumeneko.

A Kansengwa analowa m'hositelo kudzera khomo la kumbuyo. Anatsegula chipinda chilichonse, anasuzumira pansi pa bedi lililonse, anagogoda kubafa ndi kuzimbudzi akuitana kuti, "Odi! Muli munthu muno?" M'chipinda chachisanu ndi chitatu, kuseri kwa masutikesi, anapeza mapazi awiri. Mtsikana wina anali atabisala ndi buku lake la masamu, atapempha mnzake kuti amuyankhire dzina. A Kansengwa anamugwira mkono n'kumudzutsa.

"Iwe mwana, akuwerenganso mitu kumsewu. Wosowa amuchotsa sukulu. Thamanga!"

Anamuperekeza ndi maso mpaka atazimiririka kuseri kwa geti. Kenaka anayambiranso kuchipinda choyamba, n'kuyendera nyumba yonse kachiwiri, pakuti anali munthu woyeza kawiri.

Anamanga chingwe m'munsi mwa mzati wa mbendera uja, anachidutsitsa pakhomo la kumbuyo, n'kukaima patali pansi pa mtengo wa mthethe. Kumsewu ng'oma zinali zitayamba, ndipo nthungululu zinkayandikira. Anakulunga chingwe m'manja, anaponda mwamphamvu, n'kukoka. Mzati sunasunthe. Anakokanso, chingwe chikuwasenda zikhato. Ulendo wachitatu anadziponya chagada ndi thupi lonse, ndipo anamva chinthu chikuguluka, iwo n'kugwera m'fumbi.

Kwa kanthawi denga linangokhala, ngati likuganiza. Kenaka linalira ngati chitseko chakale, linapindika pakati, n'kutsika lonse nthawi imodzi. Chiphokoso chake chinazimitsa ng'oma. Fumbi lachikasu linakwera pamwamba pa mitengo nthawi yomweyo imene galimoto ya mfumu inali pageti penipeni.

Galimoto inaima. Mikono mazana asanu ndi limodzi inatsala m'mwamba, popeza panalibe amene analamula kuti itsike.

Pasanathe ola, Bungwe la Alangizi linali litakhala m'holo yake, mfumu ili pampando wa wapampando, a Malizani ali kudzanja lake lamanja akupukuta thukuta ndi chipewa. Ophunzira anali atawerengedwa kawiri, ndipo onse analipo. Mlonda wa pageti analowa akukoka chingwe ndi dzanja limodzi ndi a Kansengwa ndi dzanja linalo.

"Wawa, mwini dziko. Chingwe ichi ndachipeza chitamangidwa kumzati wa m'nyumbamo, ndipo bambo awa ndawapeza kumapeto kwake."

A Kansengwa anaweramitsa mutu. Anali atatsanzikana kale ndi zida zawo m'mawa, ndipo anali atauza Nangozo amene ayenera kudzatenga macheka.

Mfumu inawayang'ana kuyambira kumutu wa imvi mpaka kunsapato zong'ambika. Kenaka inatembenuka pang'onopang'ono.

"Alamu. Nkhalamba imodzi? Ndi chingwe cha ng'ombe? Kodi nyumba zimene mumandimangira zimagwa choncho? Pajatu chipinda chimene ndimagona ine munamanga ndinu."

"Sizingatheke, mwini dziko!" anafuula a Malizani. "Denga lija ngakhale njovu khumi zitakoka pamodzi silingasunthe. Ndinasankha ndekha matabwa ake."

"Ndiye mlondayu akunama?"

Mlonda anagwetsa chingwe pansi.

"Kapena inu, alamu, ndi amene mukunama?"

Aliyense ankaona kuti kumanga kalipentala kunali kuvomereza kuti denga la mlamu wa mfumu linali lowola, ndipo kuvomereza zimenezo kunali kufunsa kuti alangizi khumi ndi awiri, mkulu wa koleji ndi mfumu imene inadula riboni anali kuti. Pulofesa Chitsekwe anafufuza m'zinenero zake zinayi osapezamo mawu. Apa m'pamene Nduna Chimphonda inasonyeza chifukwa chake inapulumuka ng'ombe zija zitatha. Inadzuka, inakonza mkanjo, n'kuomba m'manja katatu.

"Mwini dziko, palibe wanama, koma onse sanamvetse zimene aona. Tafunsani: dengali lakhala pamwamba zaka zisanu ndi chimodzi. Mphepo zawomba, silinasunthe. N'chifukwa chiyani latsika lero, pa ola lino, galimoto yanu ili pageti? Ophunzira anaimika mikono. Amayi analuluta. Denga lilibe mikono, lilibe pakamwa. Linachita chokhacho chimene likanatha. Linawerama mpaka chipumi pansi, kupereka ulemu kwa mwini wake."

M'busa anadumpha n'kunena kuti iye anamva mumtima mwake kuti chinthu chopatulika chikuchitika. Woimira ophunzira anati analiona ndi maso ake likutsika mwaulemu, mbali ya kumsewu poyamba. A Malizani anakumbukira kuti pomanga analipendeketsa dala pang'ono kuti lisadzavutike tsiku ngati limeneli.

"Nanga chingwechi?" inafunsa mfumu.

"Choyanikira zovala za atsikana, mwini dziko," anatero woimira amayi. "Ife amayi timazidziwa zingwe zimenezi. Bambowa anapunthwa nacho pothamangira kudzakuonani."

Mlonda anavomereza kuti dzuwa linali litamuthobwa m'maso. Mlembi analemba zonse, ndi kuti malemu Kachiwaya avomereza.

Nkhope ya mfumu inawala. Inalamula kuti bwinjalo alitchingire mpanda ndipo lisakhudzidwe mpaka kalekale, kuti ana asukulu azibwera kudzaona mmene ulemu weniweni umaonekera. Inalonjeza Nduna Chimphonda mendulo. Ndipo popeza mtima wake unali utasefukira, inachita chinthu chimene sichinachitikepo m'holo imeneyo.

"Belu lisalire lero. Ndikufuna kumva mlangizi aliyense, mpaka wotsiriza."

Analankhula mmodzimmodzi, aliyense akuwonjezera kuwerama kwa dengalo, kotero kuti pofika kwa wakhumi linali litaweramanso kawiri n'kuomba m'manja. Anadumpha mkanjo wa malemu mwaulemu. Kenaka maso onse anafika kumpando wotsiriza, ndipo alangizi ena anali atakonzeka kale chifuwa.

A Kansengwa anaimirira, zikhato zawo zitabisika m'mikono ya mkanjo.

"Wawa, mwini dziko. Ine ndine munthu wa manja, mawu ndilibe ambiri. Ana aakazi makumi asanu ndi atatu kudza anayi ataya pogona lero. Zimenezi zachitika kale." Anayang'ana mlembi. Mlembi anayendetsa chala m'buku, n'kugwedeza mutu monyinyirika. "Ndikulangiza kuti agone muno, m'holo ino, mpaka atamaliza mayeso awo."

"Muno?" Nduna Chimphonda inaiwala kuomba m'manja. "Nanga bungwe lizikumana kuti?"

Mfumu inaiyang'ana ndunayo modabwa. "Denga lapereka moyo wake chifukwa cha ine, Chimphonda. Iwe ukulephera kupereka chipinda? Panja pali mitengo. Muzikhala pamenepo, anthu odutsa aziona kuti ndili ndi alangizi."

Madzulo a tsikulo mipando khumi ndi iwiri inali itaunjikidwa pansi pa mthethe, mkanjo wa malemu uli pamwamba pake, ndipo asuweni a mfumu ankayang'ana mitambo mobisa. Atsikana ankalowa m'holo atasenza matiresi ofumbira ndi masutikesi ophwanyika amene anakwanitsa kusolola mpanda usanamangidwe. Ena ankalira chifukwa cha mabuku awo. Mtsikana wa masamu uja anaima pakhomo, anawayang'ana a Kansengwa kanthawi, n'kugwada pang'ono, n'kulowa.

Esinati anapeza bambo ake ali pamakwerero pakati pa holo, mutu uli m'siling'i. Makope ake awiri anali atatsalira pansi pa matailosi, pamalo enieni pamene mutu wake unkakhala pogona. Anali ataona pilo wake atabooledwa ndi thabwa mpaka pansi. Anagwira makwererowo kuti asagwedezeke. Bambo ake potsika, anawaona zikhato, zofiira, khungu litasendeka.

"Manja anu atani, ababa?"

"Ndinaombera mfumu m'manja mopitirira muyeso."

Esinati anawayang'ana, n'kuyang'ananso manjawo. Anakweza maso kudenga lalitali la holoyo, mawu ake atatsika.

"Nanga ili?"

A Kansengwa anatambasula dzanja n'kumuonetsa msomali. Unali utapindika ngati mbedza.

"Mlombwa wokhawokha, wouma bwino, wothira mankhwala kawiri. Ugone mtima uli m'malo, mwana wanga. Ili anamangira anthu ofunika."